Chigawo Chinalola Chamba, Mlandu Unatsalira Makhonsolo

Pa 6 Novembala 2012, pamene anthu a m'chigawo cha Colorado, m'dziko la America, anaponya voti navomereza, 55 mwa anthu 100 alionse, kuti munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo akhale ndi ufulu wosunga chamba cholemera magalamu 28, wodzala mitengo 6 kunyumba kwake, ndi wochigula m'sitolo ya chiphaso monga agulira mowa, ambiri okhala kutali anayesa kuti mlandu watha tsiku lomwelo. Koma iwo amene anawerenga chikalatacho, chotchedwa Amendment 64, kufikira kumapeto kwake, anapezamo mawu ochepa amene abala milandu yosatha kufikira lero lino: akuti mzinda uliwonse, tauni iliyonse, ndi boma laling'ono lililonse lili ndi mphamvu yokana masitolo, minda ndi mafakitale a chamba m'kati mwa malire ake. Chotero pamene masitolo oyamba anatsekula zitseko pa 1 Januwale 2014, anthu ali ndandanda pakhomo m'chisanu cha ku Denver, panali mizinda yambirimbiri ya m'chigawo chomwecho imene inali itatseka kale zipata zake.

Dziko lija lili ndi mabwalo atatu osanjikizana. Pamwamba pali boma lalikulu la ku Washington, limene mwa lamulo la 1970 linaika chamba m'gulu la mankhwala oletsedwa koposa, pamodzi ndi heroin. Ndipo ngakhale mu Ogasiti 2013 mkulu wina wa unduna wa zachilungamo, James Cole, analembera oimira boma pa milandu kuti asavutane ndi amalonda otsata malamulo a zigawo zawo, malinga chambacho chisafike kwa ana kapena kuwoloka malire, kalatayo inafafanizidwa ndi nduna ya zachilungamo, Jeff Sessions, mu Januwale 2018. Pakati pali chigawo, chimene chimapereka ziphaso ndi kutolera misonkho ikuluikulu. Pansi penipeni pali khonsolo, bwalo laling'ono mwa onsewa, komatu lokhalo limene mayi wodandaula ndi sitolo yoyandikana ndi sukulu ya mwana wake akhoza kulifikira ndi mapazi, nadzalankhula maso ndi maso ndi amene aweruza. Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo nzeru ya olemba Amendment 64 inali yomweyo, kuti iwo odzakhala moyandikana ndi malondawo ndiwo anene ngati awafuna.

Koma mphamvu imene khonsolo inalandira ili ndi polekezera pake, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa. Khonsolo ikhoza kukaniza sitolo malo. Siingathe kumanga munthu wamkulu chifukwa ali ndi magalamu ake m'thumba, kapena chifukwa wadzala mitengo yake m'chipinda chokhoma, pakuti ufulu umenewo unalembedwa m'malamulo aakulu a chigawo. Mzinda wokana sitolo, tsono, sukhala wopanda chamba. Chimene umataya ndicho mwayi wodziwa amene akugulitsa, nthawi imene akugulitsira, ndi kumene ndalama zikupita.

Palibe malo oonetsa zimenezi bwino koposa Greeley ndi kamudzi koyandikana naye. Mzinda wa Greeley, kumpoto kwa Denver, unamangidwa mu 1870 ndi gulu la anthu odana ndi zoledzeretsa lotsogozedwa ndi Nathan Meeker, amene anautcha dzina la bwana wake, Horace Greeley, mkonzi wa nyuzipepala ya New York Tribune. Ndipo m'zikalata za malo analembamo pangano lakuti mowa usagulitsidwe pa nthakayo, pangano limene ana ndi adzukulu awo analisunga pafupifupi zaka 100. M'zaka za m'ma 1930, chiletso cha mowa cha dziko lonse chitatha mu 1933, kunaphuka kamudzi kum'mwera kwa mzindawo, kotchedwa Garden City, kamene ntchito yake yeniyeni inali kugulitsa chimene Greeley anakana. Ndipo anthu a ku Greeley, ofuna kunyowetsa kukhosi, ankangodumpha msewu. Zaka zambiri zitapita, chamba chitaloledwa, mbiri inabwereza mapazi ake: Greeley, mzinda wa anthu oposa 100,000, anakana masitolo, ndipo Garden City, kamudzi kosafika anthu 300, kanawalandira, nikakonza msewu wake waukulu ndi kulemba apolisi akeake ndi ndalama zimene, mbali yaikulu, zinachokera m'matumba a anthu a ku Greeley.

Ine sindiwaseka akuluakulu a ku Greeley. Munthu amene anaonapo mnyamata wa nzeru zake atasanduka wongokhala, maso ali gwa, sukulu atasiya, sangapeputse mantha a kholo limene silifuna chikwangwani cha tsamba lobiriwira pa njira ya mwana wake. Ndipo pali ulemu wake mudzi ukanena kuti pali ndalama zina zimene sufuna kudya. Chimene ndikana ndi chakuti chiletso chotere chitchedwe chitetezo, pakuti mnyamata wa ku Greeley ali pafupi ndi chamba monga mnzake wa ku Denver, koma makhansala a mzinda wake alibe mawu alionse pa sitolo imene ili mphindi zochepa kuchokera pakhomo pake.

Nanga mizinda imene inalola inapeza ntchito yotani? Inapeza ntchito yotopetsa, ya tinthu ting'onoting'ono, yosamveka m'nyuzipepala za kutali. Ku Denver makhansala anayenera kuweruza kutalika kwa pakati pa sitolo ndi sukulu, nakhazikitsa mafiti 1,000, ndiwo mamita 300 ndi pang'ono. Anayenera kuweruza ola lotsekera, nayamba ndi 7 koloko madzulo, koma poona kuti ogula angopita ku Glendale ndi ku Edgewater, matauni aang'ono oyandikana nawo kumene masitolo anali kutseka pakati pa usiku, mu 2017 anasunthira ku 10 koloko. Wolowa m'sitolo yotere amayamba waima pa kachipinda ka pakhomo, naonetsa chitupa chake kwa mlonda, makamera akumuyang'ana; m'kati amapeza chamba m'mabotolo agalasi, chilichonse ndi pepala lonena mphamvu yake, ndi maswiti ndi chokoleti zoikamo chamba zotsekeredwa m'mapaketi ovuta kuti mwana atsekule; ndipo kawirikawiri amalipira ndalama zapamanja, chifukwa mabanki aakulu, poopa lamulo la ku Washington, amazengereza kusunga chuma cha malondawa. Ndalama zambiri zogona m'sitolo zimaitana akuba, ndipo akuba akabwera amene amathamangira kumeneko ndi apolisi a mzinda, osati a chigawo.

Ndipo panali fungo. Chamba cha ku Denver chimalimidwa m'nyumba zikuluzikulu zimene kale zinali mosungira katundu, pansi pa magetsi oyaka usana ndi usiku, ndipo chikamakhwima chimatulutsa fungo lamphamvu lolowa m'makomo a anthu. Woyendera wa mzinda ankapita kumene kwachokera dandaulo atanyamula chipangizo chotchedwa Nasal Ranger, chooneka ngati lipenga, nachikanikiza pamphuno pake, napotokola kagudumu kosakaniza mpweya wonunkha ndi mpweya wosefedwa, kuti aone ngati fungo lapyola muyeso wa lamulo. Koma chinthu chowawa chinali chakuti nyumba zolimiramo zija zinaunjikana kumpoto kwa mzinda, ku Globeville ndi ku Elyria-Swansea, midzi ya anthu osauka, ambiri a iwo ochokera ku mabanja olankhula Chisipanishi, amene anali atasenza kale utsi wa mafakitale ndi phokoso la misewu ikuluikulu; pakuti malamulo a kagawidwe ka malo anakankhira minda kumene nthaka inali ya mafakitale, ndipo kumeneko ndiko kumakhala aumphawi. Eni midziyo anadandaula kufikira mu 2016 khonsolo inaika malire pa chiwerengero cha malo a chamba mumzinda, nilamula kuti wolima aliyense akhale ndi njira yosefera fungo. Walira mvula walira matope; koma si chilungamo kuti mvula igwe m'munda wa wina, matope nadzaza pakhomo pa wina, ndipo kukonza chokhota chimenechi ndi ntchito imene khonsolo yokha ingathe, popeza chigawo sichidziwa khomo la munthu.

Za ndalama zinenedwe mosabisa, chifukwa ndizo zinatembenuza mitima ya makhansala ambiri. Chigawo cha Colorado chinaika msonkho wa 15 pa 100 pa chamba chochoka kwa mlimi, nichilonjeza kuti madola 40 miliyoni oyamba chaka chilichonse adzamangira masukulu; chinaikanso msonkho wa pogula, umene gawo lake limabwezedwa kwa mizinda yokhayo imene inalola masitolo, ndipo mzinda uliwonse ukhoza kuwonjezapo msonkho wakewake. Boma laling'ono la Pueblo, dera limene linasauka ntchito za m'fakitale ya zitsulo zitachepa, linalandira alimi a chamba ndi manja awiri. Mu 2015 anthu ake anavomereza msonkho umene mbali yake imalipirira ana a m'deralo maphunziro a kukoleji, ndipo mu 2016, ena atayesa kuthetsa malondawo pa chisankho, ovota anakana. Koma Trinidad, tauni yakale ya migodi ya malasha ya anthu ngati 8,000, imene ili makilomita ochepa kuchokera ku malire a New Mexico, inaphunzira mbali ina ya nkhaniyi. Inalola masitolo oposa 20, ochuluka kuposa amene eni mudzi akanawafuna, chifukwa ogula anali alendo ochokera ku New Mexico ndi ku Texas. Ndipo pamene New Mexico anatsekula masitolo ake pa 1 Epulo 2022, magalimoto anachepa, malonda anagwa, masitolo ena anatsekedwa, ndi thumba la khonsolo linapepuka. Chuma chodalira chiletso cha mnansi chimatha tsiku limene mnansiyo asintha maganizo, ndipo khonsolo yanzeru imamangira ndalama zotere zinthu zokhalitsa, siimangirapo malipiro a mwezi ndi mwezi.

Ku California nkhaniyi inakula msinkhu. Anthu anavomereza Proposition 64 mu Novembala 2016, masitolo nayamba kugulitsa pa 1 Januwale 2018, koma wamalonda sakanalandira chiphaso cha chigawo asanaloledwe ndi khonsolo ya kwawo. Ndipo mizinda ndi maboma aang'ono oposa theka anakana masitolo, kuphatikizapo ambiri amene anthu ake anavotera kuti chamba chiloledwe. Zotsatira zake n'zakuti m'madera aakulu munthu amayenda ulendo wautali kuti apeze sitolo ya chiphaso, pamene wogulitsa mwamseri, wosalipira msonkho, wosayezetsa katundu wake, wosafunsa zaka za wogula, ali pafupi ndipo ngotchipa. Chotero malonda amseri, amene lamulo linabwera kudzawafooketsa, anakhalabe amphamvu. Chigawo chitalamula mu 2019 kuti galimoto yoperekera chamba kunyumba ikhoza kulowa paliponse, mizinda 24 pamodzi ndi boma laling'ono la Santa Cruz inakasuma kukhoti, ndipo mlanduwo unathetsedwa ku Fresno mu 2020 popanda kuchotsa mphamvu ya makhonsolo yoika malamulo awo. Pambuyo pake aphungu anapanga lamulo, loyamba kugwira ntchito mu Januwale 2024, loletsa makhonsolo kutsekereza odwala kulandira chamba cha mankhwala kunyumba. Ngakhale wodwala khansa, tsono, anayenera kudikira zaka kuti mkangano wa mabwalo awiri umupatse njira.

Pali choopsa china, choposa chiletso, chimene chimabwera pamene chiphaso chili chosowa ndipo mfungulo yake ili m'dzanja la munthu mmodzi. Ku Massachusetts, kumene anthu analola chamba mu 2016, lamulo linafuna kuti wamalonda ayambe wapangana ndi mzinda womulandira, mzindawo nuloledwa kutenga mpaka 3 pa 100 ya malonda ake monga chipukuta misozi cha mavuto obwera ndi sitolo, kuwonjezera pa msonkho wina wa 3 pa 100. Mizinda ina inayamba kupempha zoonjezera, zopereka zotchedwa zaufulu zimene wokana sakanalandira pangano. Ndipo olemera okha ndiwo anatha kupirira, pamene anthu a m'midzi imene inazunzika koposa m'masiku a kumangidwa chifukwa cha chamba, amene lamulo linalonjeza kuwatsogoza, anatsalira kunja kwa mpanda. Ku Fall River zinafika poipitsitsa. Meya wa mzindawo, Jasiel Correia, amene anasankhidwa mu 2015 ali ndi zaka 23 zokha, ndiye yekha anali ndi mphamvu yosaina kalata yonena kuti mzinda sukutsutsa sitolo. Ndipo mu Meyi 2021 khoti la boma lalikulu linamupeza wolakwa pa milandu yokakamiza amalonda a chamba kumupatsa ziphuphu za madola mazanamazana a zikwi, pamodzi ndi milandu ina ya chinyengo, nimulamula pambuyo pake kukakhala kundende zaka 6. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo pamenepa anafunika alenje ochokera kunja kwa mudzi. Mu 2022 aphungu a chigawocho anakonza lamulo, napatsa bungwe loyang'anira chamba mphamvu younika mapangano aja, nalamula kuti ndalama zotengedwa zigwirizane ndi zimene mzinda wawonongadi. Phunziro lake likhudza khonsolo iliyonse pansi pano yopereka chiphaso cha chinthu chilichonse cha phindu: ziyeneretso zilembedwe poyera zisanafike zopempha, ndipo chigamulo chichitike pabwalo, anthu akuona.

Zigawo zimene zinabwera pambuyo zinaona zonsezi, koma sizinaphunzire mofanana. New Jersey, kumene anthu awiri mwa atatu alionse anavomereza mu 2020, anapatsa matauni tsiku lomaliza mu Ogasiti 2021 loti akane kapena amangike zaka zisanu, ndipo ambiri, pafupifupi 7 mwa 10 alionse, anathamangira kukana, ena a iwo pongofuna nthawi yoganiza. New Mexico anayenda njira ina, nanena kuti khonsolo ikhoza kuweruza za malo, nthawi ndi kachitidwe, koma siingathe kuletseratu. Minnesota, mu 2023, anachita chimodzimodzi, nalola khonsolo kuchepetsa masitolo malinga pakhale imodzi pa anthu 12,500 alionse. Mwa njira zonsezi, ya New Mexico ndi Minnesota ndiyo ndiiona yoongoka, chifukwa imasiyira mudzi mphamvu zimene uli nazodi, nichotsa yokhayo imene inali ya m'maloto. Ndipo tisaiwale Evanston, mzinda wa ku Illinois, umene mu 2019 unapatula madola 10 miliyoni oyamba a msonkho wa chamba kuti athandize mabanja a anthu akuda amene anasalidwa pa nkhani ya nyumba m'zaka zakale, nuyamba kupereka madola 25,000 kwa woyenera aliyense. Chimenecho chinali chigamulo cha khonsolo, chobadwa m'mbiri ya mudzi umodzi, chimene chigawo sichikanachiganiza.

Kwathu kuno ku Malawi lamulo la 2020 linalola chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale chokha, pansi pa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, ndipo chosuta pofuna chisangalalo chikali mlandu. Chotero za ku America sizingakopedwe monga zilili. Koma mafunso akuti ndani apereka chiphaso, mlimi wamng'ono alowera pati, ndi mudzi woyandikana ndi munda upindulanji, ngathu ndithu.

Tikabwerera ku America, mlandu wautali koposa unazengedwa ku Colorado Springs, mzinda wachiwiri kukula m'chigawo cha Colorado, mudzi wa asilikali ndi wa mipingo, kumene kuli msasa wa asilikali wa Fort Carson, komanso sukulu ya asilikali a m'ndege, ndi likulu la bungwe lachikhristu la Focus on the Family. Mu Julayi 2013 makhansala, asanu kutsutsana ndi anayi, anakana masitolo a chamba cha chisangalalo, ngakhale a chamba cha mankhwala anali ochuluka kale mumzindamo. Chifukwa chimodzi chachikulu chinali mantha akuti boma lalikulu lingasamutse asilikali, amene malamulo awo sawalola kukhudza chamba, ndi chuma chonse chobwera nawo. Pomwepo Manitou Springs, tauni ya anthu ngati 5,000 m'tsinde mwa phiri la Pikes Peak, inalola masitolo awiri okha, ndipo kwa zaka khumi awiriwo anadyerera msika wa mzinda wa anthu pafupifupi theka la miliyoni. Mu 2022 ovota a ku Colorado Springs anafunsidwa, nakana masitolo, komatu navomereza msonkho wa 5 pa 100 woti udzagwire ntchito ngati masitolowo adzaloledwa. Mu Novembala 2024 anafunsidwanso mafunso awiri otsutsana: lina, lochokera kwa makhansala, lofuna kulemba chiletso m'malamulo aakulu a mzinda, linagwa, lina, lochokera kwa nzika, lolola masitolo a mankhwala amene analipo kale kugulitsanso kwa akulu onse, linapambana.

Makhansala ambiri sanakhutire. Ponena kuti anthu anasokonezeka ndi kalembedwe ka mafunsowo, anakonza zoti funsolo libwerenso pa chisankho cha mzinda cha mu Epulo 2025, chimene ovota amakhala ochepa. Koma nzika zinakasuma, ndipo woweruza anagamula kuti Amendment 64 imafuna kuti funso loletsa masitolo lifunsidwe pa chisankho chachikulu cha chaka chogawika pawiri, pamene anthu ambiri amatuluka kukavota. Apa ndiima ndi woweruza, pakuti khonsolo inalandira mphamvu yake kuti ikhale pakamwa pa eni mudzi, ndipo eni mudzi atalankhula okha, siyenera kufunafuna tsiku limene ambiri adzakhala kulibe. Masitolo a ku Colorado Springs anayamba kugulitsa mu Epulo 2025, patapita zaka zoposa 12 chichitikire voti ya 2012, atatalikirana ndi masukulu mafiti 1,000, ndipo msonkho wawo unapatulidwira chitetezo cha anthu, chithandizo cha matenda a maganizo, ndi chisamaliro cha asilikali akale ovutika ndi zimene anaona kunkhondo.